Kuyandikira ISS mu Orbiter: n'chifukwa chiyani chombo chimatsalira ndikachikankhira kutsogolo?

Wophunzira_Kuuluka:
Moni nonse akuluakulu a pa gulu lino. Ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere kwa sabata ziwiri tsopano, ndipo ndikupempha amene amadziwa masamu a kayendedwe ka zombo za m'mlengalenga kuti andithandize. Ndikugwiritsa ntchito Orbiter 2016, pulogalamu yoyeserera ulendo wa m'mlengalenga imene inalembedwa ndi Martin Schweiger, ndipo chombo changa ndi Delta-glider. Ndinakwanitsa kulowa m'njira imodzi ndi siteshoni ya m'mlengalenga ya ISS pa msinkhu wa makilomita pafupifupi 400, ndili kumbuyo kwake ndi makilomita 20. Align Plane MFD (MFD ndi sikirini ya manambala ya m'chombo) inkasonyeza kuti RInc (kusiyana kwa kupendekeka kwa njira yanga ndi ya siteshoni) ili pafupi kwambiri ndi ziro, ndipo mtunda wa pakati pathu sunasinthe ngakhale titazungulira dziko kamodzi. Ndiye ndinalozetsa mphuno ya chombo ku siteshoniyo n'kuwonjezera liwiro ndi mamita 5 pa sekondi. Kwa mphindi pafupifupi 10 zinkaoneka kuti zikuyenda, mtunda unatsika kufika pa makilomita 18, koma kenako siteshoniyo inayamba kulowa pansi pa zenera n'kumanditalikira. Nditazungulira kamodzi ndinapezeka ndili kumbuyo ndi makilomita oposa 100. Kodi ndikulakwitsa pati? Ndilinso ndi funso lachiwiri: n'chifukwa chiyani HUD (manambala amene amaoneka pa zenera lakutsogolo) inkasonyeza kuti liwiro langa ndi la siteshoni likusiyana ndi mamita 23 pa sekondi pamene mtunda sunkasintha n'komwe?

Mphunzitsi_wa_Fizikisi:
Takulandirani, achimwene. Pulogalamuyo sinalakwitse, ndipo manambala amene mwatipatsa akugwirizana ndendende ndi zimene masamu amanena. Gwero la vutoli ndi lakuti m'njira yozungulira dziko liwiro, msinkhu ndi nthawi yozungulira n'zomangirirana, moti simungakhudze chimodzi zinazo osasuntha. Pa msinkhu wa makilomita 400 chombo chimakhala makilomita 6,778 kuchokera pakatikati pa dziko, chimathamanga makilomita 7.67 pa sekondi, ndipo chimamaliza kuzungulira kamodzi m'masekondi pafupifupi 5,554, amene ndi mphindi 92 ndi theka. Mukachikankhira kutsogolo, mbali ya njira yanu imene ili kuseri kwa dziko imakwera. Njirayo imatalika, chombo chikamakwera liwiro lake limachepa, ndipo malinga ndi lamulo lachitatu la Kepler nthawi yozungulira imachuluka. Siteshoni imene yatsala m'njira yaifupi ija imakusiyani.

Nambala yoyenera kuiloweza pamtima ndi iyi: pa msinkhu umenewu, mita imodzi pa sekondi imene mwawonjezera kutsogolo imakubwezani m'mbuyo makilomita 16.7 pa ulendo uliwonse wozungulira dziko. Imapezeka pochulukitsa 3 ndi liwiro lowonjezeralo ndi nthawi yozungulira, kutanthauza 3 × 1 × 5,554. Inu munawonjezera mamita 5 pa sekondi, choncho munabwerera makilomita 83, ndipo mukaphatikiza ndi 20 amene munali nawo kale mukupeza 103. Patapita theka la ulendo munali mutakwera makilomita 17.7 pamwamba pa njira ya siteshoni, ndiye chifukwa chake munaiona ikulowa pansi pa zenera.

Wokonda_Mbiri:
Achimwene, zimene zakuchitikiranizo zinamuchitikira James McDivitt, woyendetsa chombo wa ku America, m'chombo chenicheni. Pa 3 Juni 1965, Gemini 4 itangofika m'mlengalenga, iye anayesa kuyandikira chigawo chachiwiri cha roketi ya Titan II imene inawakweza, ndipo anachita zomwe maso amalangiza, kulozetsa chombo ku chinthucho n'kukankha. Chinthucho chinapitiriza kutalikira mpaka anasiya chifukwa mafuta ambiri anali atapita. Chimene chimandikhudza n'chakuti masamu ake analipo kale, popeza Clohessy ndi Wiltshire anawasindikiza mu 1960, ndipo Buzz Aldrin analemba digiri yake ya udokotala ku yunivesite ya MIT mu 1963 pa nkhani yomweyi ya kukumana kwa zombo. Masamuwo atalowa m'maphunziro a oyendetsa zombo, zinatenga miyezi isanu ndi umodzi yokha: pa 15 Disembala 1965 Wally Schirra anafikitsa Gemini 6A pa mtunda wa masentimita pafupifupi 30 kuchokera ku Gemini 7, ndipo pa 16 Malichi 1966 Neil Armstrong ndi David Scott analumikiza Gemini 8 ku roketi yopanda anthu ya Agena.

Mayi_wa_Masamu:
Aphunzitsi afotokoza bwino chifukwa chake, ine ndiwonjezerepo chochita. Mukakhala pafupi ndi siteshoni imene ikuyenda m'njira yofanana msinkhu ponseponse, ndi bwino kuiwala kaye za dziko n'kuganiza ngati munthu amene wakhala pa siteshonipo, mutu wake utaloza kumwamba nthawi zonse. Masamu a Clohessy ndi Wiltshire, amene mizu yake ili mu ntchito ya George William Hill ya mu 1878 yokhudza kayendedwe ka mwezi, amafotokoza zimene munthu ameneyo angaone. Onse amadalira nambala imodzi, n, imene ndi 2π kugawa ndi nthawi yozungulira. Kwa inu n ndi 0.00113 pa sekondi.

Pa vuto lanu la makilomita 20, musalinge pa siteshoni penipeni, lingani malo a makilomita 2 kumbuyo kwake, kuti mukalakwitsa pang'ono musaigunde. Mukufuna kusuntha makilomita 18. Gawani 18 ndi 16.7 ndipo mupeza 1.08, choncho chepetsani liwiro lanu ndi mamita 1.08 pa sekondi, kukankhira kumbuyo, kumene mu Orbiter amati retrograde. Poyamba muona ngati mukutsalira, koma chombo chitsika mpaka makilomita 3.8 pansi pa njira ya siteshoni, chithamanga m'njira yaifupi, ndipo pakutha pa ulendo umodzi chibwerera pa msinkhu wakale chili makilomita 2 kumbuyo kwa ISS. Pamenepo bwezerani mamita 1.08 pa sekondi kutsogolo kuti muime. Zonse pamodzi ndi mamita 2.16 pa sekondi, ndipo ngati muli ndi nthawi yodikira maulendo awiri, mtengowo umatsika ndi theka.

Palinso njira ina imene ine ndimaikonda ngakhale imadya mafuta ochuluka. M'malo mokankha kumbuyo, kankhirani pansi molunjika ku dziko. Kukankha kotere sikusintha nthawi yozungulira, kumangochititsa kuti chombo chiyende mozungulira ngati dzira logonekedwa, lotalika kawiri m'litali kuposa m'mwamba, ndipo patapita theka la ulendo chimakhala chitapita kutsogolo mtunda wa 4 kuchulukitsa ndi liwirolo kugawa ndi n, umene ndi makilomita 3.5 pa mita imodzi pa sekondi. Makilomita 18 akufuna mamita 5.1 pa sekondi poyamba, ndi enanso 5.1 okankhira pansi pofika. Ubwino wake ndi wakuti injini ikakanika pa kukankha kwachiwiri, chombo chimakwera, chimabwerera m'mbuyo n'kukafika pamene chinachokera, pamene mu njira yoyamba ija chikanapitirira n'kudutsa pansi pa siteshoni.

Mkonzi_wa_Makina:
Mayi, masamu anu sindikuwatsutsa, koma ndilole ndinene kuti mwina tikumulemetsa katundu wophunzirayu. Ine ndalumikiza chombo ku ISS kambirimbiri popanda cholembera. Ndikafika pafupi ndimatsegula Docking MFD, ndimakankha mpaka liwiro losiyana ndi siteshoni lifike pa ziro, kenako ndimalozetsa mphuno ku siteshoni n'kupita ndi liwiro lokwanira, ndikukonza njira ndi tiinjini tating'ono towongolera chombo ta RCS nthawi iliyonse chizindikiro chikachoka pakati. Mamita 5 pa sekondi anali ochepa kwambiri pa makilomita 20, ndipo akanapita ndi 40 akanafika m'mphindi zosakwana 10, njira isanayambe kupindika kwambiri.

Mayi_wa_Masamu:
Achimwene, pa mfundo imodzi mukunena zoona: kupindikako kumadalira nthawi imene ulendo watenga poiyerekeza ndi mphindi 92 zija. Koma tiyeni tiike manambala pa mawu akuti "kwambiri". Chombo chimene chikuyandikira kuchokera kumbuyo chimakwera chokha, ndipo pa ulendo waufupi kukwerako ndi pafupifupi n kuchulukitsa ndi mtunda kuchulukitsa ndi nthawi. Pa makilomita 20 ndi liwiro la 40, ulendo ndi masekondi 500, ndipo 0.00113 × 20,000 × 500 ndi makilomita oposa 11. Mumafikadi, koma mumafika chifukwa chakuti njira yonse mwakhala mukukankhira chombo pansi. Kukankhira pansiko pakokha ndi 2 × n × mtunda, mamita 45 pa sekondi, kuphatikiza 40 oyambira ndi 40 oimitsira. Ndiye kuti mwawononga 125 pa ulendo umene ungatheke ndi 2.16. Delta-glider ili ndi mafuta ambiri ndipo imabisa mtengo umenewu, koma mukadzayesa ndi chombo cha mafuta owerengeka mudzauona.

Chinanso chimene mwanena chikuyankha funso lachiwiri la wophunzirayu, limene tonse tinalidumpha. Zombo ziwiri zimene zili m'njira imodzi koma china chili kutsogolo sizilunjika mbali imodzi ndendende, chifukwa njirayo ndi yokhota ndipo chakutsogolo chakhota kale pang'ono. Kusiyana kumeneku ndi n kuchulukitsa ndi mtunda, 0.00113 × 20,000, kumene ndi mamita 22.6 pa sekondi, nambala yomwe ija ya 23 imene HUD inkasonyeza. Si vuto lofunika kukonza ayi, ndi chizindikiro chakuti muli pamalo abwino. Munthu akaifafaniza kufika pa ziro ali pa makilomita 20, ndiye kuti wadzikankhira pansi ndi mamita 22.6 pa sekondi, ndipo atsika makilomita 20, adutsa pansi pa siteshoni, n'kukapezeka makilomita 60 kutsogolo kwake patapita theka la ulendo. Kufafaniza liwiro losiyana kumagwira ntchito mukakhala pafupi kwenikweni, mwachitsanzo pa mamita 200 pamene kusiyanaku kwatsika kufika pa 0.23.

Mkonzi_wa_Makina:
Zimenezi ndiye zandifotokozera chinthu chimene ndakhala ndikuchiona osachimvetsa. Nthawi zonse ndikafafaniza liwiro ndili kutali n'kusiya chombo kwa mphindi zingapo, ndimapeza chatsika ndipo chayamba kuyandikira chokha. Ndavomera za mafuta. Komabe ndikuona kuti pa mamita 100 omaliza palibe amene amawerengera, pamenepo ndi maso ndi dzanja.

Mphunzitsi_wa_Fizikisi:
Pa mamita 100 omaliza ndikugwirizana nanu, bola dzanjalo lidziwiretu mbali imene chombo chithawire. Mukamabwera kuchokera kumbuyo ndi mita imodzi pa sekondi, m'masekondi 100 mukwera mamita 11 ngati simukukankhira pansi. Mukamabwera kuchokera kutsogolo kwa siteshoni, mukubwerera m'mbuyo kuti ikupezeni, ndiye kuti liwiro lanu ndi lochepa kuposa lake ndipo mutsika, choncho mukankhira kumwamba. Mzere umenewu wa kutsogolo ndi kumbuyo akatswiri amautcha V-bar. Mzere wochokera ku dziko kudutsa pa siteshoni amautcha R-bar, ndipo uli ndi khalidwe losiyana: chombo chimene chili pansi pa siteshoni chimakokedwa kutali nayo ndi mphamvu ya 3 × n × n × mtunda, imene pa mamita 200 ndi pafupifupi mamilimita 0.8 pa sekondi pa sekondi iliyonse. Ndi yochepa, koma imagwira ntchito ngati mabuleki achilengedwe, moti simufunika kuwombera utsi wa injini ku siteshoni kuti muchepetse liwiro, ndipo mukasiya zonse chombo chimadzichotsa chokha.

Wokonda_Mbiri:
Njira ya pansiyi inayesedwa ndi chombo cha Atlantis pa ulendo wa STS-66 mu Novembala 1994, ndipo ndi imene inagwiritsidwa ntchito polumikiza chombo chomwecho ku siteshoni ya ku Russia ya Mir pa 29 Juni 1995. Pa nkhani ya maso ndi dzanja ndikufuna kukumbutsa za Mir yomweyo. Pa 25 Juni 1997 Vasily Tsibliyev ankayendetsa chombo cha katundu cha Progress M-34 ali mkati mwa siteshoni, akuyang'ana pa kanema, makina a Kurs amene amayeza mtunda ndi liwiro atazimitsidwa chifukwa cha kuyesa kumene ankachita. Chombocho chinabwera ndi liwiro loposa limene linkaoneka pa kanemayo, chinagunda chipinda cha Spektr n'kuchiboola, ndipo chipindacho anachitseka ndipo anthu sanakhalemonso. Maso paokha sayeza liwiro la chinthu chimene chikubwera molunjika, ndiye ngakhale pa mamita omaliza nambala ya CVEL, imene imasonyeza liwiro loyandikira, isachoke pamaso panu.

Wophunzira_Kuuluka:
Zikomo kwambiri nonse, ndalemba manambala onsewa m'kope. Ndisanayese, ndifunseko za gawo loyambirira, chifukwa kufika pa makilomita 20 aja kunanditengera masiku atatu a mu pulogalamuyo ndikungoyesayesa. Tinene kuti ndakwera n'kulowa m'njira ya makilomita 300, ndipo ISS ili madigiri 60 kutsogolo kwanga. Ndidikire nthawi yaitali bwanji, nanga ndiyatse injini ndili pati?

Mphunzitsi_wa_Fizikisi:
Pa makilomita 300 mumazungulira m'masekondi pafupifupi 5,431, pamene siteshoni imatenga 5,554. Pa ulendo wanu uliwonse mumaipeza ndi madigiri pafupifupi 8. Kukwera kuchoka pa 300 kufika pa 400 kudzera m'njira imene Walter Hohmann anafotokoza mu 1925 kumatenga theka la ulendo, masekondi pafupifupi 2,746, ndipo m'nthawi imeneyo inu muyenda madigiri 180 pamene siteshoni iyenda 178. Choncho muyatse injini siteshoni ili madigiri 2 kutsogolo kwanu, amene ndi makilomita pafupifupi 236, kuwonjezerapo mtunda umene mukufuna kutsalira nawo. Madigiri 58 otsalawo mukawagawa ndi 8 mukupeza maulendo 7 ndi pang'ono, maola pafupifupi 11. Kukankha kuwiriko pamodzi ndi mamita 57 pa sekondi.

Langizo langa ndi lakuti musakwere makilomita 100 onsewo kamodzi. Kwerani kaye kufika makilomita 10 pansi pa siteshoni. Kilomita iliyonse imene muli pansi imakupititsani kutsogolo makilomita 9.4 pa ulendo umodzi, choncho pa makilomita 10 muziyandikira ndi makilomita 94 pa ulendo, liwiro limene limakupatsani mpata wokonza zolakwika. Kuchoka pamenepo, kukwera komaliza ndi kukankha kuwiri kwa mamita 2.8 pa sekondi, ndipo m'kati mwa kukwerako mumayandikira ndi makilomita 23.6. Ngati mukufuna kuima pa makilomita 20 kumbuyo, yambani muli pa 43.6.

Mayi_wa_Masamu:
Ndiwonjezere chenjezo limodzi pa maola 11 odikirawo. Ngati mwatsegula Nonspherical gravity sources mu Launchpad, zenera loyambira la Orbiter, pulogalamuyo imawerengera kutupa kwa dziko pa equator, ndipo kutupako kumatembenuza njira zozungulira pang'onopang'ono. Njira ya ISS, imene yapendekeka madigiri 51.6, imasunthira kumadzulo madigiri pafupifupi 5 pa tsiku, koma njira yotsika imasuntha mofulumirako. Pakati pa 300 ndi 400 kusiyanaku kumabala RInc ya madigiri pafupifupi 0.2 pa tsiku, choncho ngakhale munailinganiza bwino poyamba, mudzaipeza yafika pa 0.1 pakutha pa kudikirako. Nambalayi imaoneka yaing'ono, koma ikutanthauza kuti muzigwedezeka makilomita pafupifupi 12 kumanja ndi kumanzere kwa siteshoni pa ulendo uliwonse, ndipo kuichotsa kumafuna mamita 13 pa sekondi, popeza digiri imodzi yathunthu imadya 134. Ikonzeni komaliza mutakwera kale pafupi ndi msinkhu wa siteshoni, pamalo amene njira ziwirizo zimadutsana.

Wokonda_Mbiri:
Kudikira kumeneku ndi chifukwa chake Soyuz, chombo cha ku Russia, kwa zaka zambiri inkatenga masiku awiri kuti ifike ku ISS. Mu Malichi 2013 Soyuz TMA-08M inafika m'maola pafupifupi 6, ndipo pa 14 Okutobala 2020 Soyuz MS-17 inafika m'maola 3 ndi mphindi zochepa itazungulira kawiri kokha. Zimatheka chifukwa amasinthiratu njira ya siteshoni masiku angapo ulendo usanafike, kuti pa nthawi yonyamuka madigiri otsalira akhale ochepa.

Wophunzira_Kuuluka:
Ndabweranso ndi zotsatira. Ndinatsegula pamene ndinasungira ndili pa makilomita 20, ndinasinthira RCS ku LIN kuti tiinjinito tizikankha chombo m'malo mochitembenuza, n'kukankhira kumbuyo monga munanenera, mayi. Zinachitika monga munalosera: siteshoni inaoneka kutalikira pang'ono, kenako inakwera pamwamba pa zenera n'kuyamba kukula. Koma pakutha pa ulendo umodzi ndinali pa makilomita 3.4 m'malo mwa 2. Kodi masamuwo ali ndi malire pamenepa, kapena ndi dzanja langa?

Mayi_wa_Masamu:
Mwachita bwino kwambiri. Kuphonya kwa makilomita 1.4 mukakugawa ndi 16.7 kukusonyeza kuti munapereweza mamita 0.08 pa sekondi okha, ndipo dzanja la munthu aliyense pa kiyibodi lingaphonye motero. Masamuwo ali nawo malire, chifukwa amatenga njira ya siteshoni ngati yofanana msinkhu ponseponse ndiponso mtunda ngati waung'ono kwambiri poyerekeza ndi makilomita 6,778, koma pa makilomita 20 malirewo sangabale kuphonya kwakukulu chotere. Njira yodalirika yoyezera ndi kusiya kuwerenga liwiro n'kuyang'ana SMa (theka la utali wa njira yozungulira) pa Orbit MFD, yanu ndi ya siteshoni. Kusiyana kwa kilomita imodzi pa SMa ndi makilomita 9.4 pa ulendo, choncho makilomita 18 ankafuna kuti SMa yanu ikhale yochepa ndi makilomita 1.91, ndipo inu muyenera kuti munaima pa 1.76. Ngati manambala a pa MFD sakufika pa timagawo tating'ono chotere, onani mtunda patapita theka la ulendo: muyenera kukhala mutadya theka la makilomita amene mukufuna, ndipo ngati zaperewera mungakonze pomwepo.

Kuchoka pa 3.4 pamene muli tsopano, gwiritsani ntchito njira yokankhira pansi ija, chifukwa mwayandikira ndipo chitetezo chaposa mafuta. Kuti mufike pa mamita 500 mukufuna kusuntha mamita 2,900, ndipo 2,900 × 0.00113 kugawa ndi 4 ndi mamita 0.82 pa sekondi. Musathamangitse nthawi ya pulogalamu kuposa kakhumi pamene chombo chikuzungulirazungulira kapena autopilot ikugwira ntchito.

Wophunzira_Kuuluka:
Zatheka, mayi. Ndinakankhira pansi ndi 0.82, ndinadikira mphindi 46, n'kukankhiranso pansi ndi 0.82, ndipo ndinaima pa mamita 540 kumbuyo kwa ISS, HUD ikusonyeza 0.6 imene tsopano ndikudziwa kuti ndisaikhudze. Kuchoka pamenepo ndinayenda pa V-bar ndi theka la mita pa sekondi, ndikukankhira pansi pang'onopang'ono monga aphunzitsi ananenera, ndipo ndinalumikiza CVEL ili pansi pa 0.1. Mawa madzulo ndiyambira pansi pa bwalo ndi Nonspherical gravity sources yotsegula, ndipo ndidzalemba pano RInc imene ndidzaipeze pakutha pa maola 11 aja kuti tiiyerekeze ndi 0.1 imene mwawerengera.